Bernard Blier

Bernard Blier (11 Januwale 1916 – 29 Malichi 1989) anali katswiri wa mafilimu ndi zisudzo wa ku France. Kwa zaka zoposa 50 anasewera m'mafilimu oposa 150 a ku France ndi ku Italy. Ambiri amamukumbukira chifukwa cha mafilimu anthabwala, makamaka awiri oseleula ntchito za akazitape, omwe ndi Les Barbouzes (1964) ndi Le Grand Blond avec une chaussure noire (1972).

Ubwana ndi maphunziro

Blier anabadwira mumzinda wa Buenos Aires ku Argentina, kumene bambo ake, omwe anali wasayansi wa ku Institut Pasteur, anatumizidwa kukagwira ntchito. Iye anakulira ku Paris ndipo anaphunzira pa sukulu ya Lycée Condorcet. Analephera kangapo mayeso olowera ku Conservatoire, sukulu yaikulu ya zisudzo ya ku Paris, koma pomaliza anatengedwa n'kuphunzitsidwa ndi Louis Jouvet.

Anayamba kuoneka m'mafilimu mu 1937. Posakhalitsa anapatsidwa mbali m'mafilimu awiri a Marcel Carné, Hôtel du Nord (1938) ndi Le jour se lève (1939). Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itabuka, analowa usilikali ndipo mu 1940 anagwidwa ndi asilikali a Germany n'kutsekeredwa kundende ya akaidi a pankhondo ku Austria. Anabwerera ku Paris nkhondo isanathe ndipo anapitiriza ntchito yake.

Kutchuka kwake

Blier anali wojintcha, wankhope yozungulira, ndipo anachita dazi akadali wachinyamata. Chifukwa cha maonekedwe amenewa, poyamba ankapatsidwa mbali za munthu wamba kapena za mwamuna amene mkazi wake akumuzembera. Mu Quai des Orfèvres (1947), filimu ya Henri-Georges Clouzot, anasewera ngati woimba piyano wansanje yemwe apolisi akumuganizira kuti wapha munthu. Mu 1958 anali Javert, wapolisi wouma mtima, mu Les Misérables limodzi ndi Jean Gabin. Ku Italy anagwira ntchito ndi Mario Monicelli mu La grande guerra (1959), I compagni (1963) ndi Amici miei (1975).

M'zaka za m'ma 1960 anatchuka kwambiri ndi mafilimu omwe mawu ake analembedwa ndi Michel Audiard. Wodziwika kwambiri ndi Les Tontons flingueurs (1963) wa Georges Lautner, mmene anali Raoul Volfoni, chigawenga cholusa pakamwa koma chomwe chimangokhalira kumenyedwa.

Mafilimu oseleula akazitape

Pa nthawiyo mayiko a kumadzulo anali pa udani ndi Soviet Union, ndipo mafilimu a James Bond, omwe anayamba mu 1962, anali atatchuka. Mu Les Barbouzes, Lautner anasandutsa nkhani zoterezi kukhala nthabwala. Munthu wina wogulitsa zida zankhondo atamwalira, akazitape a mayiko osiyanasiyana akhamukira kunyumba ya mkazi wamasiye, yemwe ndi Mireille Darc, aliyense akunamizira kuti ndi wachibale kapena mnzake wa malemu, pofuna kulanda zikalata za zida zoopsa. Blier ndi Eusebio Cafarelli, kazitape wa ku Switzerland wovala ngati wansembe, yemwe amalankhula mawu opatulika kwinaku akutchera anzake misampha. Lino Ventura ndi Francis Blanche nawonso ali m'filimuyi.

Le Grand Blond avec une chaussure noire, kutanthauza mwamuna wamtali watsitsi loyererako wovala nsapato imodzi yakuda, inakonzedwa ndi Yves Robert yemwe analemba nkhani yake ndi Francis Veber. Blier ndi Milan, wachiwiri kwa mkulu wa akazitape a boma, amene akufuna kulanda mpando wa bwana wake Toulouse, yemwe ndi Jean Rochefort. Podziwa kuti Milan amamumvetsera mobisa, Toulouse alankhula dala zoti kukubwera kazitape woopsa, kenaka atuma wantchito wake kubwalo la ndege la Orly kuti akasankhe munthu aliyense pagulu. Tsoka ligwera François Perrin, woimba vayolini wosadziwa kanthu, amene watsika ndege atavala nsapato zosiyana. Mbali imeneyi anasewera ndi Pierre Richard.

Milan atuma anyamata ake kuti azimulondalonda Perrin. Chilichonse chimene woimbayo wachita, ngakhale kupita kwa dokotala wa mano, iwo amachiona ngati chinsinsi chozama. Akalephera kupeza umboni, Milan amatsimikiza kuti mdaniyo ndi wochenjera koposa. Mapeto ake anyamata ake aphedwa, iyenso awomberedwa, ndipo adziwa ali pafupi kutsirizika kuti ankasaka munthu wosalakwa. Blier saseka kapena kuchita zibwana m'filimuyi. Chimene chimaseketsa anthu ndi kuona munthu wanzeru, wa nkhope yosamwetulira, akudzikumbira yekha dzenje chifukwa chokayikira aliyense. Nthabwalayo ikusonyezanso mmene mabungwe a ukazitape angaloŵerere m'moyo wa munthu wamba pa mikangano yawoyawo.

Filimuyi inalandira mphoto ya Silver Bear ku chikondwerero cha mafilimu cha ku Berlin mu 1973. Nyimbo yake inapekedwa ndi Vladimir Cosma, ndipo Gheorghe Zamfir ndiye anaimba chitoliro. Mu 1985 anthu a ku America anaikonzanso ndi dzina lakuti The Man with One Red Shoe, momwe munali Tom Hanks.

Zaka zomaliza ndi imfa

Mwana wake Bertrand Blier, wobadwa mu 1939, anakhala wokonza mafilimu wotchuka ndipo anagwira ntchito ndi bambo ake mu Si j'étais un espion (1967), Calmos (1976) ndi Buffet froid (1979). Mu 1979 momwemo Blier anaonekanso mu Série noire ya Alain Corneau.

M'zaka zake zomaliza ankadwala khansa koma sanasiye ntchito. Kumayambiriro kwa Malichi 1989 anapatsidwa mphoto yaulemu ya César. Anafika pamwambowo atafooka kwambiri, ndipo anthu onse anaimirira n'kumuombera m'manja kwa nthawi yaitali. Anamwalira pa 29 mwezi womwewo ku Saint-Cloud, pafupi ndi Paris, ali ndi zaka 73.