Alexander Maconochie, mphunzitsi amene anakumbukira akaidi

Kutalika kwa usiku wa m'ndende amakudziwa ndi amene anagonamo. Alexander Maconochie, yemwe anabadwira ku Edinburgh m'dziko la Scotland mu 1787, anaudziwa usiku umenewo. Ali msilikali wa pamadzi anagwidwa ndi Afalansa mu 1811, nakhala mkaidi mpaka 1814. Pambuyo pake anadzipereka pa maphunziro, ndipo mu 1833 anakhala pulofesa woyamba wa jogalafe pa University College London.

Mu 1837 anafika ku Van Diemen's Land, kumene lero ndi ku Tasmania, ngati mlembi wa bwanamkubwa John Franklin. Kumeneko dziko la Britain linkatumizako akaidi ambirimbiri. Maconochie anafufuza za moyo wawo nalemba lipoti losonyeza kuti chikoti ndi unyolo zimaumitsa mtima wa munthu m'malo momukonza. Lipotilo linamuchotsetsa ntchito.

Mu 1840 anapatsidwa udindo woyang'anira ndende ya pachilumba cha Norfolk, yotchuka ndi nkhanza. Munthu wopembedzayu anagwetsa mtengo wonyongerapo anthu, anamanga matchalitchi awiri, nalola akaidi kulima timinda tawotawo. Anayambitsanso dongosolo la malikisi, amene mkaidi ankapata mwa kulimbikira ntchito ndi kusunga khalidwe. Ankafuna kuti ufulu uzibwera pang'onopang'ono, kuti tsiku lotuluka lisapeze munthu ataiwala kudzisamalira yekha.

Akuluakulu anati akulekerera zigawenga, namuchotsa mu 1844. Ndende ya Birmingham, imene anapatsidwa mu 1849, anachotsedwakonso patangotha zaka ziwiri, ndipo iye mwini anadzudzulidwa chifukwa cha zilango zina zowawa zimene analola kumeneko. Anamwalira mu 1860 ntchito yake ikuoneka ngati yalephera. Komabe Walter Crofton anatola maganizo ake nawagwiritsa ntchito ku Ireland, ndipo anakhala muzu wa njira yomasulira mkaidi nthawi isanakwane kuti akamalizire chilango kwawo akuyang'aniridwa.

Okondedwa awerengi, Maconochie anaona kuti akaidi ambiri tsiku lina amabwerera kwawo. Mtumwi Paulo, ali m'ndende, anapempha Filemoni kuti alandire Onesimo, kapolo wothawa uja, ngati m'bale. Nanga wina wa kwathu akatuluka, nadzakhala pabenchi lathu Lamulungu, tidzasendera kuti akhale, kapena tidzayamba kufumbata zikwama zathu?