Herbert Gutowsky

Herbert Sander Gutowsky (8 Novembala 1919 – 13 Januwale 2000) anali katswiri wa kemisitili wa ku America. Anali mmodzi mwa anthu oyamba kugwiritsa ntchito njira ya NMR pofuna kudziwa mmene maatomu alumikizirana mkati mwa molekyulu.

Ubwana ndi maphunziro

Gutowsky anabadwira pa famu ku Bridgman, m'chigawo cha Michigan. Digiri yoyamba anaitenga ku Indiana University mu 1940, kenako analowa usilikali pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Nkhondo itatha anaphunzira ku Berkeley ndi ku Harvard, komwe analandira digiri ya PhD mu 1949. Anayamba kuphunzitsa ku University of Illinois mu 1948, ndipo ndi komwe anagwira ntchito moyo wake wonse.

Kugawikana kwa mizere

Phata la atomu ya haidrojeni, lotchedwa pulotoni, lili ngati kamaginito. Mankhwala akaikidwa pakati pa maginito amphamvu n'kuwombedwa ndi mafunde a wailesi, mapulotoni amayamwa ena mwa mafundewo, ndipo makina a NMR amajambula mizere papepala. Phata la maatomu ena, monga fluorine ndi phosphorus, limachitanso chimodzimodzi.

Mu 1951, Gutowsky ndi wophunzira wake David McCall anapeza kuti fluorine wa mu POCl2F akutulutsa mizere iwiri m'malo mwa umodzi. Mothandizana ndi Charles Slichter, anasonyeza kuti chogawa mzerewo ndi phata la phosphorus loyandikana nalo. Erwin Hahn ndi Donald Maxwell anapezanso zofanana pa okha chaka chomwecho, ndipo mu 1952 Norman Ramsey ndi Edward Purcell anafotokoza kuti mphamvuyo imadutsa m'maelekitironi olumikiza maatomuwo.

Kuchokera pa ntchitoyi kunabwera lamulo la n+1 limene ophunzira amagwiritsa ntchito lero: pulotoni ikakhala ndi mapulotoni n ofanana pa kaboni yoyandikana nayo, mzere wake umagawika kukhala mizere n+1. Lamuloli limagwira bwino pamene magulu awiriwo atalikirana papepala.

Chitsanzo chodziwika ndi ethanol, CH3CH2OH, yemwe amapangidwa kuchokera ku molasesi wa nzimbe ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota. Gulu la CH3 layandikana ndi mapulotoni awiri a CH2, choncho limatulutsa mizere itatu yotalika motere: 1:2:1. Gulu la CH2 layandikana ndi mapulotoni atatu, ndipo limatulutsa mizere inayi ya 1:3:3:1. M'magulu onsewa mpata wa pakati pa mizere ndi wofanana, pafupifupi 7 Hz, ndipo kufananaku ndi umboni woti maguluwo ndi oyandikana. Mpatawu umatchedwa J, ndipo susintha ngakhale maginito awonjezeredwe mphamvu.

Mapulotoni osinthana malo

Kawirikawiri pulotoni ya OH mu ethanol imatulutsa mzere umodzi wokha, ngakhale ili pafupi ndi CH2. Izi zimachitika chifukwa imadumpha msanga kuchoka pa molekyulu ina kupita pa inzake, makamaka pakakhala timadzi kapena asidi pang'ono. Gutowsky ndi Apollo Saika anafotokoza mu 1953 mmene kusinthana malo kotereku kumaphatikizira mizere. Mu 1956, iye ndi Charles Holm anagwiritsa ntchito mfundoyi poyeza liwiro limene mbali ina ya molekyulu ya dimethylformamide imazungulirira.

Utsogoleri ndi mphoto

Gutowsky anasankhidwa kulowa m'bungwe la National Academy of Sciences mu 1960. Anatsogolera School of Chemical Sciences ya ku Illinois kuyambira 1970 mpaka 1983. Analandira National Medal of Science ya 1976, komanso Wolf Prize ya kemisitili ya 1983/84 pamodzi ndi Harden McConnell ndi John Waugh. Anamwalirira ku Urbana ali ndi zaka 80.