A JOHN NETTLETON NDI NDEKE IMENE INABWERERA YOKHA

Anthu a ku Matero, Kanyama ndi Chawama amadziwa bwino msewu wa Burma ndi kampu ya asilikali ya Arakan mu Lusaka. Maina amenewa akutikumbutsa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse ya 1939 mpaka 1945, pamene asilikali athu a Northern Rhodesia Regiment anakamenya nkhondo ku Somaliland, Ethiopia ndi Burma. Nkhondoyo inalinso mumlengalenga, ndipo gulu lina la ndeke za Angelezi zoponya mabomba linachedwa 44 (Rhodesia) Squadron. Analipatsa dzinali mu 1941 polemekeza Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe. Mmodzi wa atsogoleri ake anali a John Nettleton.

A Nettleton anabadwira ku Nongoma, m'dera la Natal ku South Africa, pa 28 June 1917. Poyamba anagwira nchito pa sitima za pamadzi, ndipo mu 1938 analowa usilikali wa ndeke ku Mangalande. Gulu lao ndilo linayamba kulandira ndeke zazikulu za mainjini anai zochedwa Lancaster, zimene kawirikawiri zinali kunyamula anthu asanu ndi awiri.

Pa 17 April 1942 ndeke 12 zinatumidwa kukaphwanya fakitale ya MAN mu mzinda wa Augsburg ku Jeremani, kumene anali kupanga mainjini a sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi. Ulendowu unali wa usana, ndipo ndekezo zinauluka pafupi kwambiri ndi nthaka kuti adani asazione msanga. A Nettleton anatsogolera ndeke zisanu ndi imodzi, iwo ali m'ndeke ya nambala R5508. Ali pamwamba pa dziko la France, ndeke za Ajeremani zinawapeza ndi kugwetsa zinai. Ziwiri zotsalazo sizinabwerere m'mbuyo. Zinafika pa fakitale ndi kuponya mabomba, koma ina inaomberedwa nigwa komweko. Ya a Nettleton yokha, ili yobookabooka ndi zipolopolo, inakatera usiku pafupi ndi Blackpool ku Mangalande.

Pa ndeke 12 zija zinabwerako zisanu cabe. Pa anthu 85, anafa 37 ndipo 12 anagwidwa ukaidi, komabe nchito pa fakitaleyo siinaime nthawi yaitali. A Nettleton analandira mendulo ya Victoria Cross, ulemu woposa wonse kwa msilikali wa Angelezi.

Iwo anabwerera kunkhondo nakhala mkulu wa gulu lonselo. Pa 13 July 1943, pocokera kukaponya mabomba ku Turin m'dziko la Italy, Lancaster ina imene anali kuyendetsa inaomberedwa nigwera m'nyanja. Anali ndi zaka 26, ndipo mtembo wao sunapezeke.

Mendulo imavekedwa munthu mmodzi, koma ndeke siuluka ndi munthu mmodzi. Panali anyamata amene anafera m'ndeke zinzake tsiku lija, panalinso makolo athu amene anakumba mkuwa ku Nkana ndi Mufulira wopangira zida za nkhondo imeneyo. Pamene nkhata za maluwa ziikidwa pa cipilala ca cikumbutso mu Lusaka mwezi wa November, tiyeni tikumbukire onsewa, ochuka ndi osachuka omwe.