Leif Erikson: Mlendo Amene Sanakhazikike

Ambiri tinaphunzira kuti mzungu woyamba kufika ku America anali Christopher Columbus, m'chaka cha 1492. Koma zaka pafupifupi 500 iyeyu asanayambe ulendo wake, Leif Erikson anali atapondako kale.

Leif anabadwa cha m'ma 970 mu mtundu wa ma Viking, anthu a kumpoto kwa Ulaya amene anali akatswiri pa maulendo apanyanja. Bambo ake, Erik the Red, anapirikitsidwa ku Iceland kwa zaka zitatu kaamba ka mlandu wakupha. Ali kobisalako anayendera chilumba cha Greenland, ndipo cha m'ma 985 anatsogolera anthu kukamanga midzi kumeneko. Mwa zombo 25 zomwe zinanyamuka, 14 zokha ndizo zinafika. Leif anakhala ndi makolo ake pamudzi wa Brattahlid, m'dziko lozizira losowa mitengo yomangira nyumba ndi zombo.

Nkhani zamakedzana za ku Iceland, zotchedwa saga, zimati Bjarni Herjolfsson atasochera panyanja anaona dziko la nkhalango chakumadzulo, koma sanatsikeko. Cha m'ma 1000, Leif anagula chombo cha Bjarni nanyamuka ndi amuna 35. Anafika kudera lamiyala lomwe analitcha Helluland, kenaka lankhalango lomwe analitcha Markland, napitirira chakummwera mpaka ku Vinland, dziko la mphesa. Kumeneko anamanga nyumba nakhala nyengo yonse yachisanu. Pobwerera anasenza mitengo ndi mphesa, ndipo panjira anapulumutsa anthu amene chombo chawo chinasweka. N'chifukwa chake anam'patsa dzina loti Wamwayi.

Komatu dzikolo linali ndi eni ake. Mbale wake wa Leif, Thorvald, atapitako anapha ena mwa eni nthakawo, ndipo iye analasidwa muvi nafera komweko. Thorfinn Karlsefni ndi mkazi wake Gudrid anayesa kukhazikika, mpaka anaberekerako mwana, Snorri, koma patatha zaka ngati zitatu anabwerera. Anali ochepa, kwawo kunali kutali, ndipo mikangano siinkatha. Paja akulu amati mlendo ndi mame. Leif yemwe sanabwererekonso. Analowa ufumu wa bambo ake ku Greenland, ndipo anamwalira chisanafike chaka cha 1025.

Popeza nkhanizi zinalembedwa patapita zaka zoposa 200, ena ankaziyesa nthano chabe. Koma mu 1960 Helge Ingstad anapeza mabwinja ku L'Anse aux Meadows, pachilumba cha Newfoundland ku Canada, ndipo mkazi wake Anne Stine, katswiri wofukula zakale, anatsogolera ntchito yofukula nyumba zisanu ndi zitatu za ma Viking. Mu 2021 akatswiri anatsimikiza kuti mitengo ina ya pamalowo inadulidwa ndi zida zachitsulo m'chaka cha 1021.

Leif sanatulukire dziko lopanda anthu. Ulemu wake uli pa kulimba mtima kooloka nyanja ya Atlantic pa chombo cha matabwa, pamene dzikolo linatsala m'manja mwa eni ake kwa zaka zina mazana asanu.