JOSEPH SMITH: AKAZI OPOSA 30, KOMA ANA AWO SANAPEZEKE

Ambiri a ife tinawaonapo m'Lusaka anyamata aja oyenda awiri-awiri, ovala malaya oyera ndi tai, amene timawachula kuti a Mormon. Lero tifuna tikambe za munthu amene anayambitsa mpingo wawo, Joseph Smith, makamaka za nyumba yace, cifukwa mlandu wa ana ace unatenga zaka zoposa 150 usanaweruzidwe, ndipo amene anauweruza si mfumu kapena khoti, koma magazi a zidzukulu.

Joseph Smith anabadwa pa 23 December 1805 ku Sharon, m'cigawo ca Vermont ku America. Makolo ace anali alimi osauka, olima minda ya eni. M'caka ca 1816 cisanu cinapha mbeu pa nthawi yoyenera kufunda, ndipo banja linasamukira ku Palmyra, m'cigawo ca New York. Mnyamatayo sanapite patali ndi sukulu. Anakwatira Emma Hale mu January 1827, atate a mkaziyo asakufuna. Mu 1830 anasindikiza Buku la Mormon, limene ananena kuti analimasulira kucokera pa mapale a golide amene mngelo anamuonetsa, ndipo pa 6 April caka comweco anakhazikitsa mpingo wace. Za ciphunzitso cimeneci sitikambapo pano. Omtsata anayenda naye ku Ohio, ku Missouri kumene anathamangitsidwa ndi mfuti, ndipo mu 1839 anayamba kumanga mzinda wa Nauvoo ku Illinois.

Ku Nauvoo ndi kumene cipali, kapena kuti mitala, cinakula. Kale ku Ohio kunamveka kale mbiri ya mtsikana Fanny Alger, amene anali kugwira nchito m'nyumba ya Emma. Koma kuyambira pa 5 April 1841, pamene anamanga ukwati wam'seri ndi Louisa Beaman, zinthu zinathamanga. M'zaka zosakwana zitatu akazi anafika pakati pa 30 ndi 40. Ciwerengero ici si ca adani ace ai: mpingo wace womwe unacibvomera poyera mu 2014. Wamng'ono pa onse, Helen Mar Kimball, anali wa zaka 14. Ena anali akazi a eni, okhala m'nyumba za amuna awo, ndipo anapitiriza kukhala momwemo.

Ife amene tinakulira pakati pa mabanja a cipali tidziwa kuti ngakhale kumeneko pali mwambo wace: akulu amadziwa, mkazi woyamba amauzidwa, ana amadziwa atate awo. Ca Joseph Smith cinali ca mseri, ndipo pa gulu anali kukana. Amene anabvutika koposa ndi Emma. Taonani za alongo awiri, Emily ndi Eliza Partridge, amene anali kukhala m'nyumba mwace. Joseph anawakwatira onse awiri Emma osadziwa, kumayambiriro kwa 1843. Patapita miyezi iwiri Emma anagonja nalola kuti mwamuna wace atenge akazi ena, malinga awasankhe yekha, ndipo anasankha atsikana omwewo. Mwambo unacitidwanso kaciwiri pamaso pace, ngati kuti n'koyamba. Sipanatenge nthawi, Emma anawacotsa m'nyumba. Pa 12 July 1843 Joseph analembetsa cimene anati ndi bvumbulutso la Mulungu lolola cipali, lomwe linali ndi mau oopseza Emma ngati akana. Mbale wace Hyrum anapita nalo kukamuwerengera maiyo, koma anabwerako atadzudzulidwa koopsa.

Cinsinsi cinaululika ndi anthu a m'kati. William Law, amene anali mmodzi wa aphungu ace akulu, anatulutsa nyuzipepala ya Nauvoo Expositor pa 7 June 1844. Joseph, pokhala meya wa mzinda, analamula kuti makina osindikizira aphwanyidwe. Anamangidwa, ndipo pa 27 June 1844 gulu la anthu a mfuti linathyola ndende ya Carthage ndi kupha iye ndi Hyrum. Anali ndi zaka 38. Emma anatsala ndi pakati, nabala mwana wamwamuna mu November.

Apa ndiye panayambira mkangano wa ana. Brigham Young anatenga gulu lalikulu kupita nalo ku Utah mu 1847, ndipo mu 1852 analengeza cipali poyera. Emma anatsala ku Nauvoo, ndipo mpaka imfa yace mu 1879 anali kukana kuti mwamuna wace anali ndi mkazi wina. Mwana wace Joseph Smith III, amene anatsogolera mpingo wina wotsutsa cipali kuyambira mu 1860, anali ndi funso lobvuta kuyankha: atate ace anabala ana asanu ndi anai mwa Emma, nanga ana a akazi enawo ali kuti? A ku Utah anasonkhanitsa malumbiro a akaziwo, ndipo m'mabanja ena munayamba kumveka kuti uje ndi uje ndi mwana wa mneneri. Mu 1945 mlembi Fawn Brodie anafika poika cithunzi ca Oliver Buell pafupi ndi ca ana a Emma, nati nkhope zifanana. Ndi umboni umene tonse tiudziwa, wa mphuno ndi makutu, umene wapasula maukwati ambiri.

Tsono kunabwera njira ya DNA. Tinene mwacidule m'mene igwirira nchito. Mwamuna aliyense ali ndi kanthu m'thupi kochedwa Y, kamene amalandira kwa atate ace okha, iwonso kwa atate awo, ndipo kamayenda mibadwo yambiri kosasintha kwenikweni. Sikufunika kufukula manda. Katswiri wa ku Italy, Ugo Perego, anatenga cizindikiro ca Y kwa zidzukulu zacimuna za ana a Emma, naciyerekeza ndi ca zidzukulu za amuna amene anali kuganiziridwa. Mu 2005 zotsatira zinatuluka za atatu: Moroni Pratt, Zebulon Jacobs ndi Orrison Smith. Palibe mmodzi anali wa Joseph Smith. Mu 2007 anapima mzere wa Oliver Buell, mwini nkhope ija, ndi wa Mosiah Hancock. Naonso ai. Moroni Pratt anapezeka kuti ndi wa Parley Pratt, ndipo Zebulon ndi wa Henry Jacobs, amuna a amai awo.

Panatsala mlandu wolimba pa yonse, wa Josephine Lyon, wobadwa pa 8 February 1844. Amai ace, Sylvia Sessions, anali mkazi wa Windsor Lyon komanso mmodzi wa akazi a Joseph. Mu 1882, ali pafupi kumwalira, anaitana Josephine namuuza kuti iye ndi mwana wa Joseph Smith, ndi kuti anabisa zimenezi zaka zonsezi. Josephine analumbira za mau amenewa mu 1915, ndipo olemba mbiri ambiri anakhulupirira. Ndani angakaike mai wolankhula pa mphasa ya imfa? Popeza Josephine anali mkazi, njira ya Y sinagwire. Anadikira njira ina yopima gawo limene munthu amalandira kwa makolo onse awiri. Gawo limeneli limacepa ndi theka pa m'badwo uliwonse, monga mtundu wa ng'ombe yabwino umazimirira m'khola ukasakanizika, motero panafunika zidzukulu zambiri za mbali zonse. Mu 2016 Perego analengeza, ndipo mu 2019 zinasindikizidwa m'magazini ya akatswiri: zidzukulu za Josephine zilibe ubale ndi banja la Smith, koma ndi abale a ana ena a Windsor Lyon.

Ena anakondwa msanga, nati izi zionetsa kuti maukwatiwo anali a dzina cabe. Ife tiona kuti apo analumpha. Kupima kumeneku kuyankha funso limodzi lokha, la yemwe anabala mwana. Emily Partridge ndi Malissa Lott analumbira m'khoti mu 1892 kuti anakhala naye monga mkazi ndi mwamuna. Ndiponso ana ena oganiziridwa anafa ali makanda osasiya mbeu, motero palibe wowapimira. Cimene cakhazikika n'cakuti pa onse amene anapimidwa, mwana wa Joseph Smith kunja kwa Emma sanapezeke.

Mpingo wa ku Utah unalengeza kusiya cipali mu 1890, ndipo lero membala wokwatira mkazi waciwiri amacotsedwa. Za mau a Sylvia olemba mbiri agawikana. Ena ati iye anasokonezeka yekha, pokhala ndi amuna awiri nthawi imodzi. Ena ati anali kunena za ubale wa m'mwambo wa mpingo wawo, wakuti ana a mkazi womangidwa kwa Joseph adzakhala a Joseph kumwamba. Josephine anamva mauwo monga mwana aliyense akadamvera, ndipo zidzukulu zace zinasunga mbiriyo mpaka tsiku limene zinapereka malobvu awo kuti apimidwe.