Papa Gregory XIII, mtsogoleri yemwe anafufuta masiku khumi

Anthu a ku Spain, Portugal ndi madera ambiri a Italy anagona Lachinayi pa 4 Okutobala 1582, koma kutacha linali Lachisanu pa 15 Okutobala. Masiku khumi anafufutidwa mwalamulo, ndipo yemwe analamula anali Papa Gregory XIII, mwini dzina la kalendala yomwe tikugwiritsa ntchito lero.

Dzina lake lobadwa nalo linali Ugo Boncompagni. Anabadwira mumzinda wa Bologna pa 7 Januwale 1502 ndipo anaphunzira zamalamulo pa yunivesite ya mumzindawo, pomwenso anaphunzitsa kwa zaka zingapo. Asanadzozedwe unsembe anabereka mwana wamwamuna, Giacomo. Anakhala kadinala mu 1565, kenako anasankhidwa kukhala papa mu 1572 ali ndi zaka 70.

Pampandopo anapeza vuto lakalekale. Kalendala ya Julius Caesar inkawerengera chaka kukhala masiku 365 ndi maola asanu ndi limodzi, zomwe zimaposa chaka chenicheni cha dzuwa ndi mphindi pafupifupi 11. Pang'onopang'ono ndi mtolo: mphindizo zinkakwana tsiku lathunthu pa zaka 128 zilizonse. Motero tsiku lomwe usana ndi usiku zimalingana, pomwe mpingo umayambira kuwerengera Pasaka, linali litasuntha kuchoka pa 21 kufika pa 11 Malichi.

Bungwe la akatswiri la papayu linatsatira maganizo a sing'anga Aloysius Lilius, yemwe anamwalira ntchitoyo isanathe, ndipo katswiri wa masamu Christopher Clavius ndiye anailongosola ndi kuiteteza. Kupatula kufufuta masikuwo, anakhazikitsa lamulo loti chaka chothera ndi maziro awiri chizikhala ndi 29 Febuluwale pokhapokha ngati chikugawika ndi 400. N'chifukwa chake 2000 inali nalo tsikulo pomwe 1900 inalibe.

Kusinthaku kunabala zodabwitsa. Teresa wa ku Avila anamwalira usiku wa pa 4 Okutobala ndipo anaikidwa m'manda mawa lake, pa 15. Maiko omwe sanali pansi pa Roma anakana kumvera papa: Britain inasintha mu 1752 n'kutaya masiku 11, pomwe Russia inadikira mpaka 1918 n'kutaya masiku 13.

Mbiri ya Gregory ili ndi banga. Mu 1572, Apulotesitanti zikwizikwi ataphedwa ku France, iye analamula mapemphero othokoza ndipo anasulitsa mendulo yokumbukira chochitikacho. Komabe anatukula maphunziro, ndipo yunivesite ya Gregorian ku Roma imadziwika ndi dzina lake.

Anamwalira pa 10 Epulo 1585 ali ndi zaka 83. Lamulo lake lidakali kugwira ntchito: ana obadwa pa 29 Febuluwale 2096 adzadikira mpaka 2104 kuti alionenso tsiku lawo lobadwa, poti 2100 sidzakhala nalo.