WILLIAM MANNING: MWINI DZINA LAKALE LA MCHINJI NDI CHIYAMBI CHA KEYALA

Munthu akakwera phiri la Kachebere m'boma la Mchinji amaona maiko awiri nthawi imodzi, pakuti malire a Malawi ndi Zambia adutsa pomwepo. Deralo limadziwika ndi mishoni imene ansembe a White Fathers adakhazikitsa mu 1903, ndiponso seminale yaikulu imene idatsegulidwa mu 1939. Koma zaka zisanu mishoniyo isanamangidwe, kudali nkhondo yoopsa m'dera lomweli, ndipo mkulu wa asilikali amene adaitsogolera adasiya dzina lake pa boma lonse. Mpaka dziko lino litalandira ufulu, Mchinji ankatchedwa Fort Manning, ndiye kuti linga la Manning.

Zithunzi zakale za asilikali a nthawi imeneyo zimapezeka m'mabuku a mbiri ndi m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Zambiri mwa izo n'zofanana. Pakati pakhala Azungu pamipando. M'mbali mwaima Amwenye a mtundu wa Sikh, andevu ndi nduwira kumutu. Kumbuyo kuli mizere ya asilikali akuda, atavala zipewa zazitali ndi makabudula, mfuti zili m'manja, ambiri opanda nsapato. M'munsi mwa chithunzi kawirikawiri mumalembedwa maina a okhala pamipando okha. Mbiri ya Manning ndi ya munthu wa pampando, koma siingamveke popanda aja oima kumbuyo.

William Henry Manning adabadwa ku Mangalande pa 19 July 1863. Ataphunzira za usilikali ku Sandhurst adalowa m'gulu la nkhondo la Angerezi mu 1886, ndipo mu 1888 adasamukira ku gulu la nkhondo la ku India. Masiku amenewo Harry Johnston, amene ankakhazikitsa ulamuliro wa Angerezi m'dziko lino, adalibe asilikali okwanira, choncho ankabwereka ku India. Manning adafika kuno mu 1893 mwa njira imeneyo, namenya nawo nkhondo za ku Mulanje ndi ku Chiradzulu. Boma la atsamunda linkati likuthetsa malonda a ukapolo, ndipo ukapolowo udathadi. Koma nkhondo zomwezo ndizo zidathyola mphamvu za mafumu ndi kutsegula njira ya msonkho.

Kubweretsa asilikali kuchokera ku India kudali kodula. Motero boma lidayamba kulemba anthu a konkuno, makamaka Atonga ndi Ayao, ndipo mu 1896 lidawasonkhanitsa m'gulu lotchedwa Central Africa Rifles. Posakhalitsa Manning adakhala mtsogoleri wa gululi. Kuyambira mu 1897 adalinso wachiwiri kwa Alfred Sharpe, amene adalowa m'malo mwa Johnston, ndipo Sharpe akachoka Manning ndiye ankagwirizira udindo wolamula dziko.

Kumadzulo kwa Kachebere kudali ufumu wa Angoni a Mpezeni, mwana wa Zwangendaba. Kampani ya North Charterland inkakhulupirira kuti m'dziko la Mpezeni muli golide, ndipo inkati dzikolo ndi lake potsata mapepala a Mjeremani wina, Carl Wiese. Mpezeni adali atakalamba ndipo sankafuna nkhondo, koma mwana wake Nsingu pamodzi ndi anyamata adakana kuona dziko likupita. Kumapeto kwa 1897 Azungu a kampaniyo adapempha thandizo, ndipo mu January 1898 asilikali a Manning adalowa m'dzikolo ndi mizinga ndi mfuti zachiwaya. Nthungo ndi zishango sizidathe kulimbana nazo. Midzi idatenthedwa, ng'ombe zikwi zambiri zidalandidwa, ndipo Nsingu atagwidwa adaomberedwa mu February chaka chomwecho. Mpezeni adadzipereka, nasungidwa ku Fort Manning pafupifupi chaka chimodzi. Adamwalira mu 1900. Mwambo wa Nc'wala udaleka kuchitika kuyambira pa nkhondoyo mpaka pamene udatsitsimutsidwa mu 1980.

Chinthu chimodzi sichiyenera kuiwalika pa nkhondo imeneyi: ambiri mwa amene adagwira mfuti polimbana ndi Angoni adali anthu akuda a m'dziko lino. Mzungu adalamula, koma amene adayenda mitunda, kusenza zipolopolo ndi kuombera adali aja osalembedwa maina.

Angerezi ataona kulimba kwa asilikaliwa adayamba kuwatumiza kutali. Gulu lachiwiri lidakhazikitsidwa mu 1899 ndipo lidapita ku Mauritius ndi ku Somaliland. Mu 1900 asilikali a kuno adamenya nawo nkhondo ya Ashanti m'dziko limene lero ndi Ghana. Pa 1 January 1902 magulu a nkhondo a kuno, a ku Kenya, ku Uganda ndi ku Somaliland adaphatikizidwa pansi pa dzina limodzi la King's African Rifles, limene anthu adalifupikitsa kuti Keyala. Pa magulu asanu ndi limodzi, loyamba ndi lachiwiri adali a dziko lino. Manning ndiye adakhala woyang'anira wamkulu woyamba wa Keyala yense, udindo umene adaugwira mpaka 1907.

Ntchito yake siidali ya kupambana kokhakokha. Mu 1902 adatumizidwa ku Somaliland kukatsogolera nkhondo yolimbana ndi Mohammed Abdullah Hassan. Mu April 1903, pamalo otchedwa Gumburu, kagulu ka asilikali, ambiri a iwo a gulu lachiwiri la Keyala, kadazingidwa ndi adani mpaka zipolopolo zidatha. Mtsogoleri wawo Plunkett adaphedwa pamodzi ndi Azungu anzake ndi asilikali oposa zana limodzi. Amuna amenewa adafera m'chipululu, kutali ndi midzi yawo, pa mkangano umene sudali wawo. Miyezi ingapo pambuyo pake utsogoleri wa nkhondoyo udaperekedwa kwa munthu wina. M'nkhondo za ku Somaliland momwemo ndimo Alexander Cobbe adatchuka mu 1902, ndipo dzina lake lidatsala pa malo a asilikali a Cobbe Barracks ku Zomba.

Manning adabwereranso kuno ngati Bwanamkubwa wa Nyasaland kuyambira 1911 mpaka 1913. M'chaka cha 1911 gulu lachiwiri la Keyala lidathetsedwa pofuna kuchepetsa ndalama, ndipo ena mwa ochotsedwawo adakalembetsa usilikali kwa Ajeremani kumpoto kwa nyanja, kotero kuti nkhondo ya 1914 itabuka adapezeka mbali ina. Kuchoka kuno Manning adakalamula Jamaica mpaka 1918, kumene adapereka chikho cha mpira wa ana asukulu chotchedwa Manning Cup. Kenaka adalamula Ceylon, imene lero ndi Sri Lanka, mpaka 1925. Adamwalira pa 1 January 1932.

Gulu limene adaumba lidakhala nthawi yaitali kuposa iye. Asilikali a Keyala adateteza Karonga mu September 1914, ndipo chipilala cha ku Zomba chidamangidwa pokumbukira amene adafa pa nkhondo imeneyo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adamenya ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma, ndipo m'zaka za m'ma 1950 adapita ku Malaya. Mu 1964 gulu loyamba la Keyala lidasanduka Malawi Rifles, maziko a gulu la nkhondo la dziko lodzilamulira. Dzina la Fort Manning lidafufutidwa, monganso Fort Johnston idasanduka Mangochi ndipo Fort Jameson idasanduka Chipata.

Mbiri ya Manning idalembedwa yonse, kuyambira tsiku lobadwa mpaka la imfa. Ya asilikali ake ili m'masutikesi ndi m'makoma a nyumba za m'midzi, mmene muli zithunzi zofiirira za agogo atavala yunifolomu, mwina pamodzi ndi mendulo. Amene angathe kutchula munthu wa pachithunzi akutha chaka ndi chaka. Mphunzitsi wa ku Kachebere, ku Mkanda kapena ku Kapiri angachite bwino kutuma ophunzira ake kukafunsa akuluakulu dzina la msilikaliyo, mudzi wake, mfumu yake ndi dziko limene adakamenyako nkhondo, ndi kulemba zonsezo papepala losungidwa pamodzi ndi chithunzicho.